Dzenje la Mwezi m'Beseni la Amayi

Beseni lija linali lamalata, lopindika mbali imodzi, ndipo amayi ankasungiramo ufa. Chinali chaka cha chilala, pamene tonse a mu Livingstone tinkadya chimanga chachikasu chochokera kunja. Amalume, amene anali atangochotsedwa ntchito kunjanji, ndiwo ankakaima pamzere kuti tipeze ufawo.

Nyengo imeneyo aphunzitsi anatiphunzitsa za maenje a pamwezi. Anati chimwala chikagwa kuchokera mumlengalenga, nthaka imaphulika. Pamatsala dzenje lozungulira, la milomo yotukuka ngati khoma, pansi pake posalala, nthawi zina kaphiri pakati, ndiponso mizere yoyera yothamangira mbali zonse. Anationetsa zimenezi poponya kamwala m'mbale ya phulusa lokutidwa ndi dothi. Dzenje lawo linali ngati la nkhululu, ndipo ine sindinakhutire.

Loweruka masana, amayi ali kumsika, ndinatulutsa beseni pabwalo, ndinawaza dothi lakuda pamwamba pa ufa, n'kukwera padenga la chimbudzi nditanyamula theka la njerwa. Ndinaliponya ndi manja awiri. Phu! Ufa unauluka mpaka kumpanda. Ndiyenera kunena molondola: milomo ya dzenjelo inatukuka bwino, mizere yachikasu inayala pabwalo ponse, kaphiri kokha ndiko kanasowa, pakuti pakati panakhala njerwa.

Amalume anandipeza ndikuliyeza ndi kamtengo.

"Iwe, ni unga wathu uyu?"

Sanadikire yankho. Anandigwetsa pansi, natola paipi yothirira ndiwo. Chikwapu choyamba chinanding'amba msana. Ndikukumbukira mchenga m'kamwa, fungo la mphira wotentha ndi dzuwa, ndi mawu awo osasa: "Maola seveni pa laini! Seveni!" Amayi anatulukira pachipata, nadziponya pakati pathu. Paipi inawapeza pakamwa, mlomo unang'ambika, magazi anadonthera mu ufa. Sindiwaikira kumbuyo amalume. Mwana samenyedwa chotero, ngakhale atalakwa motani.

Amayi anagwada pabwalo, nakokolola ufa pamodzi ndi dothi, nausefa katatu. Sabata yathunthu tinadya mchenga wolira m'mano, ndipo chakudyacho chinali chochepa. Amalume ankasamba m'manja, n'kukhala nafe pamphasa, kenaka n'kunena kuti adya kale kwa anzawo. Gawo lawo ankalikankhira kwa ine osandiyang'ana kumaso.

Ndinkalidya mokondwa, msana ukuwawabe. Ndinkangodabwa kuti munthu wokhuta amayang'aniranji manja anga mpaka mbale itayera.