Chaka Chimene Mbatata Inawolera M'nyumba

Tsiku limene bambo aang'ono, a Lusiyano, anabwera kudzatiuza za udindo wawo, kunali nkhungu ndi mvula yamawawa. Ndimakumbukira madontho akugwa kuchokera ku udzu wa denga, ng'ombe zikulira m'khola, ndi galimoto ikubuula m'matope a msewu wochokera ku Ntengo-Wambalame. Ndinali nditatsala pang'ono kumaliza sukulu ya m'mudzi mwathu.

A Lusiyano anaphunzira chifukwa cha ngolo ya bambo anga. Chaka chilichonse tikakumba mbatata ya kachewere, bambo ankaidutsitsa pa kanjira ka m'phiri kupita nayo kumsika wa ku Malawi, osadzera pa alufandega, ofesi ya msonkho ya pamalire. Kwathu ku Tsangano palibe amene ankaziyesa tchimo. Mng'ono wawoyo anayamba ngati kalaliki pa alufandega, kenako anakaphunzira zamalamulo ku Maputo. Tsopano boma linali litawasankha kukhala juwizi, woweruza wa bwalo lomva madandaulo a anthu olandidwa katundu pamalire.

Tinapha mbuzi, ansembe anadalitsa, amayi analulutira mpaka mawu kusasa. Anthu ali mkati modya, abale awiriwo anapita kuseri kwa khola, kumene ine ndinkatsuka matumbo.

"Achimwene, ngolo ija isadzerenso kuphiri," anatero a Lusiyano. "Mukagwidwa, mlandu wake udzafika patsogolo panga, ndipo dzina lathu ndi limodzi."

"Nanga mbatata yonseyi tidye tokha, a juwizi?" bambo anafunsa akuseka.

A Lusiyano sanaseke. Ankangoyang'ana matope pa nsapato zawo. Patapita nthawi bambo anati, "Ndamva."

Chaka chimenecho mbatata inabereka kuposa kale. Tinaiunjika m'chipinda chimene ana tinkagonamo, kudikira ogula a ku Tete, koma mvula inakana kuleka, msewu unadukaduka, ndipo magalimoto awo sanafike. Mbatata inayamba kufewa pansi pa mulu. Madzi akuda ankayenderera mpaka pamphasa zathu, fungo linalowa m'mabulangete, m'tsitsi, ngakhale m'malaya a kutchalitchi. M'mawa uliwonse amayi ankasankha yowola ndi manja, ine n'kukataira nkhumba, mpaka nkhumbazo zinatopa nayo.

Ngolo za anzathu zinkadutsa pakhomo pathu kulowera kuphiri, mateyala akulira. Amayi ankaima pakhonde n'kunena kuti, "Anzanu akupita, inu mwakhala pano kulondera dzina." Bambo ankangopaka mafuta goli, n'kulipachikanso.

Chisanu chitafika anagulitsa ng'ombe ziwiri zokoka ngolo kuti tipeze chimanga. Ine ndinayenera kupita kwa azakhali ku Furancungo kukapitiriza sukulu, koma nkhaniyo inangozilala, popanda wondiuza kuti yatha.

Ndili mwana ndinkadana ndi a Lusiyano chifukwa chopempha, ndipo ndinkakwiyira kwambiri bambo chifukwa chovomera. Ndakula ndikulima munda womwewo. Chimwalirireni mkazi wanga ndimakhala ndekha nthawi yaitali, ndipo ndaziganizira mofatsa. Bambo anamukweza okha mng'ono wawo, sakanatha kumugwetsa ndi manja omwewo. A Lusiyano akuti anaweruza mwachilungamo mpaka kupuma ntchito, koma sanafunsepo kuti mbatata ya chaka chija inathera kuti, bambonso sanawauze. Onse awiri anapita osandipepesa, ndipo mwina sanadziwe n'komwe kuti panali chopepesa. Ine ndinawakhululukira.