Magolovesi a Ada

Chaka chimene ndinkaphika pa loji ina ku Kande, manja a bambo anga anali atatheratu. Ife kwathu timawatcha Ada. Anakoka ukonde wa chilimira kuyambira unyamata wawo, ndipo zingwe zinali zitawadya zikhatho mpaka ming'alu yosapola. Mwini ukonde anawauza mosabisa kuti akapanda kuchira, malo awo m'bwato apatsa wina. Kwa Ada, kuchoka m'bwato kunali ngati kuikidwa m'manda ali moyo.

Mayi wina wachizungu amene anagona pa loji pathu anawaona manjawo tsiku limene Ada anabweretsa usipa kukhitchini. Atabwerera kwawo anatumiza phukusi, ndipo ine ndinalandira kakalata koti ndikalitenge ku Mzuzu, kwa akasitomu, a msonkho wa katundu wochokera kunja.

Wakasitomuyo anali wa m'chigawo chapakati, waulemu wake ndithu, koma wochedwa ngati ukwati wa kutchalitchi. Anatsegula phukusi n'kutulutsa magolovesi akuda achikopa, onenepa, a ubweya m'kati. Anawatembenuza, anawanunkhiza, kenako anatsegula chibuku chake.

"Mayi, magolovesi achikopa ali ndi mizere iwiri muno," anatero. "Pali opangira masewera, ndiye pali ena onse. Awa ndi a chiyani?"

"Okokera ukonde, bambo."

Anaseka mpaka kugwira tebulo. Anandionetsa kachithunzi kosokerera pamkono pa golovesi, ka munthu akutsetsereka paphiri la chipale chofewa atagwira ndodo ziwiri. Anati buku silifunsa kuti mwini wake akachita nacho chiyani chinthu, limafunsa kuti anachipangira chiyani. Ndinakangana naye, pajatu pakamwa panga sipachedwa, koma iye analemba kuti ndi a masewera, n'kumenya chidindo. Ndinasaina, ndinapereka msonkho, ndinathamangira minibasi.

Kunyumba Ada anavala magolovesi aja, ndipo anawakwana bwinobwino. Anapinda zala, anatambasula, akumwetulira ngati mwana. Apo ndiye ine, ndi matama anga a munthu wopita ku Mzuzu, ndinatulutsa pepala lija n'kuwawerengera mokweza, ndikumasulira m'Chitonga mzere ndi mzere. Kalanga ine, chinandituma n'chiyani?

Ada anavula magolovesi aja pang'onopang'ono.

"Boma mwaliuza kuti ndi a masewera?"

"Ndi zolemba chabe, Ada."

"Wasaina ndani?"

"Ine."

Ada anali mkulu wa mpingo, ndipo kwa iwo pepala lachidindo linali lumbiro. Anati kupita nawo kuntchito kukhala kunamiza boma, ndipo wonamayo akhala mwana wawo amene dzina lake lili pamenepo. Ndinalongosola, ndinakalipa, ndinalira. Ndinaitana ngakhale abusa, amene anawauza kuti palibe tchimo pamenepa. Ada anawathokoza mwaulemu, anawaperekeza mpaka kumsewu, n'kubwera kudzatsekera magolovesi aja m'sutikesi momwe munkakhala jekete lawo la Mgonero.

Anapitiriza kukoka atakulunga manja ndi nsanza za chitenje. Mayi anga ankazichapa tsiku ndi tsiku, madzi ake ofiira. Ada sanathe mwezi m'bwatomo. Mwini ukonde anabwera yekha, anakhala pakhonde nthawi yaitali akukamba za mphepo ya mwera, kenako ananena chimene anadzera.

Ndinakwiya nawo Ada chaka chathunthu, sindibisa. Lero ndimawasowa koopsa, iwo ndi liuma lawolo. Ndimasowa anthu a mtundu umenewo, amene ankaopa bodza kuposa njala.

M'mawa woyamba umene anzawo anabwera ndi usipa popanda iwo, ndinawapeza Ada m'munda wa chinangwa, khasu lili pansi chifukwa sankatha kuligwira. Ndinawauza kuti ndikanangokhala chete, bwenzi akadali m'bwato.

"Ukanakhala chete," anatero, "bwenzi ndikudya nsomba za bodza lako osadziwa. Tola khasulo, undithandize mzere uwu."

Ndinatola, ndipo ndinalima ndikulira mpaka kumapeto kwa munda.