Tsiku Limene a Banki Anabwera Kudzafunsa Azakhali

Ndinabadwira ku Zimbabwe, pa famu ya fodya kumene bambo anga ankagwira ntchito. Kwawo kunali kuno ku Ntcheu, kufupi ndi Nsipe, koma anatchona. Chichewa ndinachiyamwira m'nyumba, moti pamsika palibe amene ankandidabwa. Pasipoti yokha ndiyo inkandiulula. Bambo atamwalira tinawaika komweko, ndipo ine ndinatenga kangachepe kamene ndinasunga n'kubwera kwawo kudzayambitsa kampani yogula mbatata ya kachewere ku Lizulu, kuisankha bwino, n'kumakaigulitsa m'masitolo a m'tauni.

Kampani ndinalembetsa, chilolezo chochitira bizinesi monga munthu wakunja ndinapeza, ngakhale nsapato zinatha. Sitolo ina yaikulu inavomera kumandigula, koma bwana wake anandiuza poyera kuti iwo salipira pamanja kapena pafoni, amalipira ku akaunti ya kampani basi. Apo n'kuti mbatata nditagula kale, ili mbwee m'shedi. Mbatata sidikira munthu, ikatopa imamera.

Ku banki ya paboma anandilandira bwino kwambiri mpaka pamene ndinatulutsa pasipoti. Mnyamata wa tayi amene ankandithandiza anaitembenuza uku ndi uku, kenako anayamba kundiyankhula Chingerezi, ine ndikumuyankha Chichewa chomwe tinkayankhula poyamba paja. Zinandipsetsa mtima, koma wopempha sakweza mawu. Mapepala onse amene anafuna ndinali nawo, kupatula umboni wa kumene ndimakhala. Anafunsa za bilu ya madzi kapena ya magetsi. Ndinamuuza kuti madzi timatunga pamjigo, ndipo mjigo sulemba bilu. Sanaseke. Anandipatsa pepala kuti ndijambule mapu a kwathu, ndipo ndinajambula msewu wa tala, pokhotera pachigayo, tchalitchi, kenako kanyumba kanga. Atayang'ana anati poti mwini kampani ndi wakunja, atumiza munthu kudzaona malowo ndi kufunsa woyandikana nane ngati ndimakhaladi pamenepo. Tsiku sakananena, kuopa kuti ndingakonzeretu mboni.

Ndinatuluka m'bankimo ndikuganiza za mboniyo. Woyandikana nane anali mmodzi yekha, azakhali anga, mlongo wawo wa bambo.

Malo omangapo anandipatsa ndi iwo, koma kudzera mwa mwana wawo. Kuyambira tsiku limene ndinafika, moni wanga ankauyankha ngati wa munthu wodzakhometsa msonkho. Ndinkawapititsira shuga, sopo, nthawi ina chitenje cha mtengo wake. Ankathokoza ndi manja awiri, mawa lake chitenjecho ndikuchiona m'chiuno mwa mpongozi wawo. Ndikamawafotokozera za bizinesi ankangoti chabwino. Ine mtima wanga ndi wapachala, choncho ndinagamula msanga kuti ndi nsanje, kapena akudandaula malo aja. Tsiku lina ndinawamva akunditchula kwa mnzawo kuti mayi wa mbatata uja, osati mwana wa achimwene, ndipo ndinalumbira kuti sindidzawapemphanso kanthu.

Tsopano akaunti yanga inali m'kamwa mwawo. Akanangonena kuti sakundidziwa bwino, kapena kuti ndimangobwera n'kumapita, zonse zikanathera pomwepo.

Masiku odikira aja sindiwakumbuka bwino, ndimangokumbuka mantha. Ku Lizulu ndinasiya kupita, kuopa kuti a banki angandiphonye. Njinga yamoto ikalira kuchigayo, ndinkathamangira pakhomo, n'kupeza kuti ndi wakabaza wanyamula mbuzi. M'mawa uliwonse ndinkalowa m'shedi kukanunkhiza, n'kumathyola timaso tambatata tomwe tayamba kutuluka, ngati kuti ndikathyola ndiye kuti sizikuchitika. Chakudya chinkandikanika. Ndinkayeseza m'mutu mayankho onse amene azakhali angapereke, ndipo palibe limene linkandikomera.

Lumbiro lija ndinalimeza. Ndinapita kwawo madzulo ena, ndinawapeza akusankha nyemba palichero, ndipo ndinawafotokozera zonse: za sitolo, za akaunti, za munthu amene adzabwere, ngakhale mawu oti adzanene. Ndinayankhula mpaka kukamwa kuuma. Iwo maso ali panyemba, anangofunsa ngati zimene ndabwerera ndi zokhazo. Ndinati ndi zokhazo. Anagwedeza mutu n'kupitiriza kusankha, ndipo ndinabwerera ndili ndi mantha oposa amene ndinapita nawo.

Wa banki anabwera tsiku lina chakumasana. Anali mayi wachikulire ndithu, osati mnyamata wa tayi uja. Anayendera shedi, anajambula nyumba ndi foni, kenako anafunsa nyumba yoyandikana. Ndinamutsogolera. Azakhali anamuyalira mphasa, anapatsana moni wautali, anafunsana za mvula ndi za kumene aliyense amapemphera. Ine ndinaima chapatali ngati wogwidwa ndi nkhuku yakuba.

Kenako mayi uja anafunsa ngati akundidziwa, ndiponso ngati ndimakhala pamenepo.

Azakhali anatembenukira kwa mayiyo.

"Ameneyu ndi mwana wa mlongo wanga," anatero. "Nyumba yake ndi iyo, amagona momwemo. Lembani."

Mayi uja analemba. Ine ndinayamba kale kuganiza za lole yodzanyamula mbatata. Ndinawerama kuti ndithokoze, koma azakhali anali asanamalize. Anandiyang'ana m'maso, koyamba chifikireni.

"Za mbatata wandiuza, za banki wandiuza. Nanga mlongo wanga anafa bwanji?"

Uthenga wa maliro tinatumiza pafoni nthawi yomwe ija, ndipo ine ndinkayesa kuti nkhani inathera pomwepo. Pafamu paja aliyense ankafa anthu akuona, panalibe wofotokozera mnzake. Palibe anandiuzapo kuti kuno munthu akamwalira kutali, wochokera kumeneko safika ndi nkhani ina iliyonse. Amayamba wakhala pansi pakhomo pa abale, n'kulongosola matenda kuyambira pamene anayambira, amene anadwazika, mawu otsiriza, ndi pamene anagonekedwa, kuti nawonso alire. Ine tsiku loyamba ndinafunsa za malo omangapo shedi.

Mayi wa banki anatseka chikwama chake mwakachetechete. Anati akaunti itsegulidwa, ndikapite sabata yamawa, ndipo ananyamuka osadikira kuperekezedwa.

Ndinavula nsapato n'kukhala padothi, kunja kwa mphasa. Azakhali anaitana mpongozi wawo kuti akauze abale a m'mudzimo abwere, mwana wa achimwene wafika ndi maliro. Anthu atasonkhana, ndinayamba ndi chifuwa chimene bambo anayamba kutsokomola nyengo yokolola fodya. Ndisanafike n'kuchipatala komwe, azakhali anali atafunda chitenje kumutu.