Magazi a Telala Ankapita Kuti?

Inu amene mwatopa ndi vuto losadziwika mutu wake, tamvani za telala wina.

Anali gone m'chipatala, atamuikanso magazi, maso ali chikasu, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka. Mutu unamuzungulira. Bala analibe, magazi sankasanza, nanga ankapita kuti?

"Adokotala, kodi ndasanduka ndowa yobooka?" anafunsa.

Achibale onse anasanduka madokotala. Apongozi anabwera ndi chiwindi, mlamu ndi mapiritsi owonjezera magazi, ena n'kumanong'ona kuti pali dzanja la munthu. Iye ankangomeza zonse, koma akatuluka sankachedwa kubwereranso. Makasitomala anatenga nsalu zawo. Dokotala anachenjeza kuti zikapitirira, impso zisiya kugwira ntchito.

Telala sanatope kufunsa. Anachonderera kuti amuyezenso, ndipo zinapezeka kuti magazi sankatayika, ankaphwanyikira m'thupi momwemo. Anabadwa ndi maselo ofiira amene amasweka akakumana ndi mankhwala ena. Koma mankhwala ake ati? Anatchula onse amene ankamwa, dokotala n'kumangopukusa mutu.

Tsiku lotuluka, mkazi wake anabweretsa jekete la pa ukwati wawo, monga ankachitira nthawi zonse.

"Valani bambo, anthu asaone kuti mwawonda."

Dokotala anakwinya mphuno. "Mayi, fungo ili n'lachiyani?"

"Ndi timibulu toyera tothamangitsa njenjete. Ndimaika m'sutikesi, m'matumba, ngakhale m'nsalu za kushopu."

"Mdani tikumufuna uja ndi ameneyu," anatero dokotala. "Mankhwala a m'timibuluti ndi amene akuswa maselo awo akamapuma fungo lake."

Mayiyo anangoti khwethe pampando. "Ndiye kuti ndimawapha ndine? Inetu ndimati ndikusamala!"

Zinali zomvetsa chisoni. Telala anagwira dzanja la mkazi wake.

"Amayi, zisiyeni njenjete zidye jekete, ine nditsale."

Anataya timibulu tonse, n'kuchapa chilichonse cha m'nyumba ndi cha kushopu. Telala anayambira pansi, kusoka zigamba ndi mazipi. Pang'ono ndi pang'ono makasitomala anabwerera, ndipo lero amasokera akwati. Chibadwa chakecho sichinathe, n'chifukwa chake samwa piritsi asanafunse dokotala, koma pabedi la kuchipatala lija sanabwererenso.

Jekete lija njenjete zinaliboola paphewa. Telala wathunthu, koma amakana kulisoka.

Inunso musataye mtima mukaona kuti yankho likuchedwa. Funsani lero, mawa mufunsenso. Mwina chikukudyanicho chili m'thumba mwanu momwemo.