Kuwolotsa Lusiya pa Shire

Amene analipo tsiku lija ndi awa: ine Fabiano, mkazi wanga Agnesi, apongozi anga a Nachisale, mlamu wanga Pitala amene anali mwini mbumba, ndi Lusiya, mwana wathu woyamba, wa miyezi inayi. Onsewo anatsogola. Ndatsala ndekha, ndiye mumve kwa ine.

Inali nthawi ya Chitaganya. Tinkakhala kum'mawa kwa Shire, kufupi ndi Liwonde. Ine ndinali mkamwini pamudzipo. Dzulo lake ndinali nditabwera kuchokera kunyanja ya Chiuta ndi dengu la matemba panjinga. Ndinagonako masiku atatu.

M'mawa Agnesi anavundukula mwana. Akamapuma, pansi pa nthiti pankalowa m'kati. Bere anakana. Pachifuwa pankamveka ngati munthu akucheka bango.

Apongozi anayankhula atandifulatira, monga mwa mwambo. Anati ndi tsempho. Anati bambo wa mwana wagona ndi mkazi wina ku Chiutako, aulule kuti mankhwala agwire. Pitala anavomera ndi mutu.

Ine sindinachite. Ndikubwerezanso lero, sindinachite. Koma liwu langa mumalidziwa, ndikatsokomola kuno ku Balaka nkhuku zimabalalika. Ndinaima pakati pa bwalo. Ndinatchula dzina la bambo anga ndi la agogo anga. Ndinati mwana sachoka pano mpaka wina abweze mawu ake. Anthu anasiya makasu kudzamvera.

Agnesi ananena kamodzi kokha: "Abambo ake a Lusiya, pantoni akuwolotsa. Tiyeni ku mishoni."

Ndinamva. Sindinacheuke.

Chipatala cha mishoni chinali tsidya linalo, kwa Nsamala. M'mawa wonse uja pantoni ankapita ndi kubwera.

Dzuwa lili pamutu tinamva malole. Anyamata anali atagwetsa mitengo pamsewu wa ku Zomba, tsono asilikali anabwera kudzafuna ogwetsawo. Mfuti yoyamba ndinayesa nsungwi yaphulika pamoto. Yachiwiri sindinayesenso kanthu. Utsi unakwera m'mudzi wa kumtunda.

Mlandu unathera pomwepo, wopanda wopambana. Pitala anathawira kuphiri. Apongozi anati miyendo yawo siingathe, nalowa m'nkhokwe. Tinawasiya momwemo. Njinga inatsala itatsamira mtengo wa mango.

Tinadzera m'chimanga. Agnesi anamangirira mwana kutsogolo kuti azimva ngati akupumabe.

Padooko tinapeza pantoni atamangidwa, asilikali awiri atakhalapo. Tinatsika ndi mtsinje, m'bango, madzi ofika m'mawondo. Asilikali ena anadutsa pamtunda, nsapato zokhazokha tikuziona. Lusiya anayamba kulira ngati kamphaka. Agnesi anamuphimba ndi nsalu. Nsapato zitatha anavundukula. Milomo ya mwana inali itada.

Kutsidya kunali bwato la Che Saidi, msodzi amene ndinkagulako nsomba. Shire anali wodzaza. Agnesi anandiyang'ana nati, "Tsopano kuwani."

Ndinakuwa kamodzi. Mbalame zinadzuka m'bango monse. Mfuti inayankha kumtunda, chipolopolo chinagwa m'madzi. Che Saidi anabwerabe, akupalasa chowerama. Sanafunse kanthu. Anangoti "Bisimilahi," natikweza.

Tsidya lija mwana ndinanyamula ine. Anali wopepuka ngati thonje la m'manja. Agnesi ankabwera pambuyo, phazi likutuluka magazi, bango litamucheka. Panjira midzi inali zii. Pakhomo lina mtondo unali ndi chimanga, munsi uli pansi.

Tinafika belu la madzulo likulira. Sisitere anagoneka mwana patebulo, namvera pachifuwa, nabaya jakisoni. Anafunsa kuti wayamba liti. Agnesi anati m'mawa. Sisitere anayang'ana panja, kumene dzuwa linali litafiira, kenaka anayang'ana ine. 

Lusiya anasiya kupuma nyali zisanayatsidwe.

Tinamuika kumanda a mishoni, pakati pa alendo. Dzenje ndinakumba ndi khasu lobwereka. Wa mbumba yake woponyapo dothi anali mayi ake okha.

Patapita sabata tinabwerera. Apongozi tinawapeza amoyo. Pitala anatsika kuphiri. Njinga panalibe. Za tsempho palibe anatchulanso, ndipo Agnesi mpaka tsiku lake lomwalira sanandifunsepo za m'mawa uja.

Yohane, mwana wanga wamwamuna, anabadwa patapita zaka ziwiri. Atakula, tsiku lina tikuwoloka pa mlatho wa Liwonde, ndinamulozera bango lija. Ndinamuuza zonse, makamaka za kukuwa kuja, kuti palibe mwamuna wina m'dziko muno akanafikitsa liwu tsidya. Anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pamadzi.

Kenaka anati, "Bambo, mukanakhala chete m'mawa muja, bwenzi ndili ndi achemwali."