Munamvamo liti akukazinga?

Tswaaa.

Limenelo ndi phokoso la anyezi akagwera m'mafuta otentha. Ndinakula nalo ku Mchengautuwa, mu Mzuzu muno, m'kanyumba ka agogo anga amene ananditenga makolo anga atamwalira. Mafuta ake sanali ambiri. Anali aja a m'kapulasitiki komanga kukamwa, ogula pa okala. Koma agogo ankawatenthetsa mpaka afuke utsi, chitseko chili chotsegula, kuti anyeziyo akalira amveke mpaka kwa aneba. Ndikatha kudya ankandigwira dzanja lisanafike pakamwa.

"Usapukute. Pita ukasewere choncho."

Ndinkatuluka milomo ikunyezimira. Ndinadzazindikira nditakula kuti agogo sankadyetsa ine ndekha. Ankadyetsanso makutu ndi maso a anthu, kuti pasapezeke wonena kuti mwana wamasiye uja akuvutika.

Ndakumbukira zimenezi chifukwa sabata ino ndinaitanidwa kukhala mboni pa mlandu wa phokoso lomwelo.

Ndimachita lendi ku Geisha, nyumba yogawana khoma ndi banja la a Chirwa. Khomalo ndi lopyapyala, moti akayamba kutsokomola uko ine ndimagulirathu mandimu. A Chirwa anali dalaivala wa malole. Miyezi ingapo yapitayo anagwa kubafa m'mawa, ndipo kuchipatala anati ndi sitiroko yobwera chifukwa cha BP. Anabwerako akuyenda okha, koma mphamvu ya dzanja lamanzere sinabwerere yonse. Anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti achepetse mchere ndi zokazinga. Mawu amenewa anawamvetsa kwambiri ndi akazi awo. Kuyambira pamenepo mayi Chirwa nsomba amawotcha kapena kuwiritsa, masamba amatendera, mafuta amachita kuyeza ndi kasupuni.

A Chirwa atsika thupi. Lamba wawo anakamubooletsanso.

Lachiwiri kunafika mlongo wamkulu wa a Chirwa, mayi Esnati, kuchokera ku Nkhata Bay, atanyamula nsomba za batala ndi chigubu cha mafuta ophikira. Mawa lake anandipeza pakhonde ndikupukuta nsapato.

"Monire adada."

"Yewo amama."

"Ndinu amene mumakhala kuseri kwa khomali?"

Ndinavomera.

"Ndiye kuti mumamva zonse. Ndiuzeni zoona, mukuoneka munthu wopemphera. M'nyumba umu munamvamo liti akukazinga?"

Ine si munthu wolankhulalankhula, ndipo bodza lapompopompo limandikanika. Ndinati papita nthawi ndithu.

"Mwamva, mulamu?" anatero mayi Esnati, kutembenukira kwa mayi Chirwa amene anali atatulukira ndi beseni la zochapa. "Sindinanene ndine. Aneba omwe akudziwa. Munthu wagwira ntchito moyo wake wonse, lero azidya zamadzimadzi ngati mkaidi? Kwathu akandifunsa ndikanene chiyani? Kuti ndamupeza kolala ya shati ikumuzungulira?"

"Ananena ndi adokotala, mulamu."

"Adokotalawo amadya zowiritsa kwawo? Wodwala amafunika zonona kuti thupi libwerere."

Mayi Chirwa anatsitsa beseni n'kuyamba kuyanika. Umboni wanga unali woona, koma ndinaona kuti wagwera pa iwo. Akapitiriza kuwiritsa, ku Nkhata Bay kukamveka kuti akumumana mwamuna chakudya. Akagonja n'kuyambanso kukazinga, ndiye kuti akuwabwezera a Chirwa kubafa kuja.

Mawu akuti "zonona" anandikhala m'mutu tsiku lonse.

Tawaganizirani. Nyama yonona ndi nyama ya mafuta, komanso ndi nyama yokoma. Ntchito ya malipiro abwino timati yonona. Mawu ndi amodzi, ngati kuti mafuta ndi ubwino anabadwa mapasa. Kodi m'chinenero chathu muli mawu achidule onenera chinthu chimene chanona mpaka kufika poipa? Ine ndawafunafuna, sindinawapeze.

Munthu akanenepa timamuyamikira: zikukuyenderani, akukusungani bwino. Timayamikiranso mkazi wake. Akaonda timatsitsa mawu. Ambiri a ife tikukumbukira zaka zimene kutsitsa mawu kumeneku kunakula, pamene kuonda kwa munthu kunkatanthauza kuti abale ayambe kukonzeka. Ine ndikuzikumbukira bwino chifukwa makolo anga anapita m'zaka zimenezo, ataonda. N'chifukwa chake mayi Esnati sindingawaseke. Iwo sanaone munthu amene akutsatira malangizo. Anaona mlongo wawo akuchepa mu shati, ndipo mtima wawo unathamangira kumene unathamangirapo kale.

Vuto ndi lakuti thupi silidziwa Chichewa.

Zimene azaumoyo amanena si zovuta kumva. Mafuta pang'ono thupi limawafuna. Koma zokazinga za tsiku ndi tsiku zimanenepetsa, ndipo mafuta ena amakanirira m'mitsempha yodutsa magazi, njira n'kuyamba kuchepa, mtima n'kumapopa mokakamiza. Kumeneko ndi kumene BP, matenda a mtima ndi sitiroko zimapezera khomo, ndipo kunenepa kwambiri kumaitananso shuga. Si mafuta okha, paja pali mchere, mowa, fodya, kusayenda, ngakhalenso za kumtundu. Koma chimene chimandizunguza mutu n'chakuti zonsezi zimachitika mwakachetechete. Mafuta akagwera m'poto mzere wonse wa nyumba umamva. BP ikakwera, ngakhale mwiniwake samva kanthu.

Lachinayi ndikuchokera kuntchito ndinaima pa chiwaya china kufupi ndi depoti, kuti ndingoona. Kunali kamvula kathu ka Mzuzu kaja kosanyowetsa koma kolowa m'mafupa, ndipo anthu anali atazungulira motowo ngati nkhuku pa madeya. Ndi nyengo yotere, ndani angakane tchipisi chotentha? Pambali panali nyama ya nkhumba, zipalapasiro za nkhuku, chinangwa, zonse zikusambira m'dziwe limodzi. Mafuta ake anali akuda ngati tiyi wopanda mkaka.

Ndinafunsa mwini chiwaya, bambo wansangala wovala epuloni yobiriwira, kuti mafutawo amasintha liti.

"Kusintha?" anaseka. "Timangothiramo ena, bwana. Akudawa ndi amene ali ndi kakomedwe."

Kasitomala wina wa tayi anatambasula mbale yake. "Thirapo supu, aise."

Supu wake anali chipande cha mafuta omwewo, othira pamwamba pa tchipisi. Azaumoyo amachenjeza kuti mafuta otenthetsedwa mobwerezabwereza amawonongeka n'kukhala oipa kuposa atsopano, koma pa chiwaya paja akudawo ndi amene anthu amachita kupempha. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo musandiyese woyera. Inenso ndinagula changa, ndinadya, ndipo chinakoma.

Ndikuyenda kubwerera ku Geisha ndinayamba kuwerengera za tsiku wamba la munthu wa m'tauni muno. M'mawa mandasi. Masana tchipisi ndi dzira. Pobwerera chitumbuwa kapena kachidutswa ka nkhumba. Kunyumba ndiwo zoti mafuta ayandame pamwamba, apo ayi ana afunsa ngati kwagwa vuto. Kupita kuntchito pa njinga yamoto, kubwerako chimodzimodzi.

M'nthawi ya agogo anga mafuta anali mlendo. Ankabwera pang'ono, mwa apo ndi apo, n'kupeza anthu oyenda pansi kuchokera ku Mchengautuwa mpaka m'tauni. Kapulasitiki kaja sikakanapha munthu. Lero mlendo uja anasanduka mwininyumba, koma ife tikumulandirabe ndi ulemu wa tsiku loyamba. Kodi n'kutheka kuti tikukazingirabe aneba amene anasiya kalekale kumvetsera? Nanga ndi amayi angati mumzinda muno amene akudziwa bwino zimene ananena adokotala, koma akuthirabe mafuta chifukwa choopa apongozi ndi alamu?

Lachisanu madzulo, nditangokhala pansi, ndinamva kuseri kwa khoma.

Tswaaa.

Mayi Esnati anali atalanda khitchini. Fungo la batala wokazinga linadutsa padenga n'kudzaza chipinda changa, ndipo kunena zoona mate anadzadza m'kamwa. Ndinamva mbale zikuikidwa patebulo, kenaka mawu a mayi Esnati.

"Idya. Wadya zamadzi mokwanira."

Ndiye a Chirwa analankhula kwa mlongo wawoyo, pang'onopang'ono monga amalankhulira masiku ano.

"Adumbu, tandigwirani dzanja ili. Ayi, lamanzereli. Ndikufuna ndikufinyeni."

"Finya."

"Ndafinya kale."

"Finya zenizeni, usachite masewera."

"Ndi pomwepo, adumbu. Mphamvu zake zonse ndi zimenezo."



"Dzanja limeneli linkatembenuza lole pa Chiweta," anapitiriza a Chirwa. "Oyilo wa lole ndinkasintha pa nthawi yake, sindinkalola kuti ade. Koma ine mwiniwake ndinkaima pa chiwaya chilichonse kuyambira ku Karonga mpaka ku Jenda. Mulamu wanuyu musamuyimbe mlandu. Kwathu mukanene kuti ndaonda, si bodza. Koma mukanenenso kuti mwandipeza."

Ndinangomva mpando ukukokedwa, kenaka mayi Chirwa akunena motsitsa: "Idyani inu, mulamu, mwavutika nayo. Awa ndawawotchera yawo."

Sindikudziwa ngati mayi Esnati anakhutira. Munthu sasiya tsiku limodzi zimene wakhulupirira kuyambira ali mtsikana, ndipo sindikudziwanso zimene akanene akafika kunyanja. Ndingodziwa kuti Loweruka m'mawa kuseri kwa khoma kunamveka madzi akuwira basi.

Ndinali pakhonde pamene anatuluka, chikwama paphewa, chigubu cha mafuta chija m'manja, chitangotsika pang'ono. Anaima patsogolo panga n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati mbuzi ya pamsika.

"Adada, muli ndi mkazi?"

"Ayi, amama."

"Nanga amama anu ali kuti?"

"Anamwalira ndili mwana."

"Zikuoneka," anatero, akugwedeza mutu. Anandiika chigubucho m'manja. "Uko akuti sakuwafuna. Tengani inu. Muzikazingako, anthu azimva kuti m'nyumbamu muli munthu."

Pamene ndimati yewo chomene, n'kuti iwo atafika kale kumsewu, akuimitsa njinga yopita ku depoti.