Soda wa agogo a Lukasi

Ndikawaganiza agogo anga aamuna, a Lukasi, chimayamba kundifika ndi fungo la fodya wouma m'chigafa, kenako kulira kwa supuni ikugunda m'kapu yachitsulo. Tinkakhala kuseri kwa Malomo, pamtunda pomwe mphepo ya mu Juni inkang'amba milomo, ndipo m'mawa uliwonse, asanagwire tsamba ndi limodzi lomwe, ankatapa soda yemwe agogo aakazi ankaphikira therere, kumusungunula m'madzi, n'kumwa atatsinzina. Ankadikira pang'ono dzanja lili pachifuwa, kenako n'kugeya mwamphamvu mpaka nkhuku kudzidzimuka. Ana tinkaseka. Iwo ankangoti, "Wazima," n'kukhala pamphasa kuyamba kusankha fodya.

Koma moto wa m'chifuwawo sunkachedwa kuyakanso. Kuchipatala anawauza kuti ali ndi zilonda za m'mimba. Anawapatsa mapiritsi oyera otafuna, amene ankasiya ufa ngati wa choko m'mbali mwa milomo yawo, n'kuwalangiza kuti asiye tsabola, azimwa mkaka, ndiponso achepetse maganizo. Mapiritsi akatha ankabwerera ku soda. Soda akatha, agogo aakazi ankatentha zitsononkho, kutcheza chidulo, iwo n'kumwa madzi owawawo nkhope itakwinyika.

Mwa zonse zimene adokotala ananena, mudzi unatola liwu limodzi: maganizo. Amayi anga anatenga pathupi panga adakali pasukulu, mwini pathupipo n'kuthawa, ndipo agogo, amene ankatsogolera nyimbo kutchalitchi, anasiya kuimirira kutsogolo kuyambira chaka chimenecho. Anthu analumikiza ziwirizi. Alongo awo a agogo, a Nachisale, ndiwo sankabisa.

Tsiku lina anatipeza tikusoka fodya, ine nditakhala pambali pa agogo ndikuwapatsira masamba. Anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Achimwene, mumwa soda mpaka liti, chilonda chenicheni mwakhala nacho pamphasa?"

Ndinali wamng'ono, koma ndinamva. Amayi anaweramitsa mutu. Agogo anapitiriza kulowetsa singano m'tsamba, osatukula maso.

"Mlongo wanga," anatero, "matendawa ndi anga. Sanandipatse munthu."

Atatero anandikokera pafupi, n'kundipukuta phula la fodya m'manja ndi malaya awo. Sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo sindinawamvenso akuyankha nkhaniyo.

Chaka chotsatira anaonda mpaka lamba anamuboola mabowo atsopano ndi msomali. Soda ankamwa pafupipafupi, koma kugeya kuja sikunkabweretsanso mpumulo. Masana ena, tikukolola mtedza, anatsamira khasu, kugwada, n'kusanza zakuda ngati matope a m'dambo. Amalume anamanga ng'ombe msangamsanga. Anawagoneka m'ngolo mutu uli pamiyendo ya amayi, ndipo ndimakumbukira kulira kwa mateyala pamiyala ngoloyo ikutsika chitunda, agogo aakazi akuthamanga pambuyo opanda mpango kumutu. Dzuwa lisanalowe ngolo inabwerera, ng'ombe zikuyenda pang'onopang'ono. Kuchipatala sanafike.

Pamaliro, m'nyumba modzaza amayi a m'mudzi, a Nachisale analira molozera amayi anga. "Wamudya mlongo wanga ndiwe, Marita! Wamupha ndi maganizo!" Palibe amene anawaletsa. Amayi sanakwatiwe moyo wawo wonse. Anakhala pamudzi pomwepo, kulima munda wa bambo awo.

Ndili ndi ana anga kale, ululu womwewo unandigwira, kuotcha pansi pa chifuwa m'mimba mukakhala mopanda kanthu. Ndinapita kuchipatala. Atandiyeza, adokotala anati zilonda zambiri zotere zimayamba ndi tizilombo tokhala m'chifu, tolowa ndi madzi kapena chakudya, nthawi zambiri munthu adakali mwana. Anati soda amangoziziritsa, sapha tizilomboto. Ndinafunsa za maganizo. Anati akhoza kukulitsa ululu, koma gwero si limenelo. Ndinamwa mankhwala masabata ochepa, ndipo ndinachira.

Ndinakwera minibasi kupita kumudzi nkhaniyo ikunditentha pakamwa. Amayi ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza, tsitsi lonse litayera. Ndinafotokoza zonse, mpaka kubwereza. Anamvetsera zala zikugwirabe ntchito.

"Ndiye kuti simunali inu, amayi. Simunali inu, sindinali ine."

Anapeta makoko, n'kuika lichero pansi.

"Wachira, mwana wanga, tithokoze Mulungu," anatero. "Koma adokotala akowo kunalibe tsiku limene ndinawauza bambo kuti ndili ndi pathupi. Nkhope yawo ndinaiona ine."

A Nachisale anamwalira kalekale, kotero palibe woti ndikamuuze kuti analakwitsa. Amayi ali moyo. Ndikapita kukawaona ndimayambanso kufotokoza, iwo n'kundisiya ndilankhule mpaka nditamaliza, kenako amandifunsa ngati ana ali bwino.